Mikisa ya ku Joni kapena ya ku Dar?

Mkangano unabuka pa depoti ku Lilongwe, alamu awiri atakhalira zikwama zawo. Mayiyo amaoda katundu ku Kariakoo, mumzinda wa Dar es Salaam, pomwe mng'ono wa amuna awo njira yake ndi ya ku Joni. Nkhani inali ya mnyamata wa mayiwo, amene wangolemba mayeso a Fomu 4 ndipo akulirira mikisa yoti azisakanizira nyimbo kuchipinda kwake.

"Alamu, zimenezi ndisiyireni ine. Ku Johannesburg kuli masitolo a katundu wapinyolo. Ndikamupezera Pioneer yeniyeni ya matchanelo awiri, yomwe mwini wake anaigulitsa chifukwa cha lendi, osati chifukwa chakuti yafa."

"Mwini wakeyo munacheza naye, kapena anakulotetsani? Mwana wanga ayambe ntchito ndi kaunjika?"

"Kaunjika wa kumene kuja ali ndi ulemu wake. Risiti amakupatsa usanapemphe n'komwe, ndipo lamulo lawo limati katundu akaonetsa vuto m'miyezi 6 ukabweze."

"Chabwino. Ndiye ikafera ku Area 25, mwana atenge risitiyo, adutse pa Dedza, ku Tete, pa Nyamapanda mpaka pa Beitbridge, kukadandaula za batani limodzi? Tikiti yokhayo igula mikisa ina!"

Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Nanga kwanu kuja? Ati yatsopano, ya m'bokosi. Ukayang'anitsitsa dzina lake, upeza chilembo chimodzi chapita kumaliro."

"Amapusitsidwa ndi opanda maso. Ubwino wa ku Kariakoo, munthu umanenerera. Ku Joni mtengo anamata pa shelefu, ukati utsitseko mlonda ayamba kukuyandikira. Mswahili amakukokera mpando, dada apa, dada apo, mpaka mugwirizane. Akatero amailumikiza ku sipika pompo, msewu wonse ukhale mboni. Ndipo amayesera singeli. Mumaidziwa singeli inu? Imathamanga kupitirira ma BPM 200. Mikisa ikapirira pamenepo, amapiano anu oyenda mwaulesi aja ndi tchuthi."

"Phokoso si kuyesa, alamu. Chimene chimayamba kutha pa mikisa ndi crossfader, kachitsulo kotsetsereka kapakati kaja. Ine ndimakakankha pang'onopang'ono khutu lili tcheru. Kakamakhwekhwereza, kapena nyimbo ya mbali inayo ikamamvekabe nditaitseka, ndimaisiya pomwepo. Ndikatero ndimapotokola batani lililonse, ndisomeke mahedifoni, ndigwedeze mawaya kumbuyo. Pomaliza ndimainunkhiza."

"Mwayamba kununkhiza katundu m'sitolo ya eni? Mudzatimangitsa."

"Ya m'nyumba imanunkha fumbi, ya m'bala imanunkha mowa. DJ akalusa usiku, botolo amaimika pa mikisa pomwepo, ndipo mowa ukalowa m'kati mabatani amamata. Yoteroyo ngakhale andipatse ulere sindinyamula."

Mayiyo anavomera ndi mutu, koma sanagonje.

"Zonsezo ndamva. Koma pulagi? Mwaiwala ketulo munatibweretsera ija, ya mano atatu ozungulira? Soketi zathu n'za mano amakona, monganso zambiri za ku Tanzania. Achimwene anu anadula pulagi n'kusomeka mawaya ndi timitengo ta machesi, nyumba inatsala pang'ono kupsa."

"Imeneyo ndi nkhani ya adaputa basi. Mphamvu ya magetsi ndi imodzimodzi, ma volti 230. Chomwe tikagulenso ndi kachipangizo koteteza, poti magetsi akamabwera kuchokera kokayenda amabwera ndi mkwiyo. Koma tandionetsani kaye chithunzi anakutumizirani mwanayo."

Mayiyo anatulutsa foni m'chilundu. Bamboyo anayang'ana kamodzi n'kugwira pakamwa.

"Alamu, tataya malovu pachabe. Iyi si mikisa wamba ayi, ndi controller, DDJ-FLX4, inatuluka mu 2022. Payokha siimba. Nyimbo zimachokera pa laputopu kapena pa foni yamakono. Laputopu ali nayo?"

"Alibe."

"Foni?"

"Ya mabatani. Ati azibwereka yangayi."

"Inu muli ku Dar, iye akusakaniza chiyani? Nanga masipika?"

"Amenewo musadandaule nawo. Ati anakambirana kale ndi anzake a kwaya, azitenga a kutchalitchi Lolemba n'kubweza Loweruka usiku."