Tonse tikamvera, adzatitumikire ndani?

Akuluakulu a mzinda akufuna tisinthe khalidwe poti nyengo yasintha. Akuti tileke makala, tileke majumbo opyapyala, tileke kukhuthulira zinyalala mu Mudi ndi mu Nasolo, tidzale mitengo. Ine sinditsutsa. Munthu amene anaona matope atatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, sachita makani pa nkhani ya nyengo. Changa n'chifunso chabe: tsiku limene Blantyre yense adzamvere, magetsi, madzi ndi galimoto za zinyalala zidzatikwana?

Ndikufunsa monga womvera wamkulu wa ku Ndirande. Ndinagula hotipuleti, mbaula n'kupatsa alamu anga. Powapatsa ndinalankhulako pang'ono za phiri lathu lomwe makala ndi nkhuni zinalimeta mpala. Mayi a kunyumba anangoti, "Abambo, nyemba mukuzidziwa koma?"

Nyemba ndimazidziwa zili m'mbale. Pamoto sindinkazidziwa. Zimadya mayunitsi mosayang'ana nkhope, ndipo tsikulo magetsi anathima zisanaganize n'komwe zofewa. Usiku womwewo womvera wamkulu anaoneka akudutsa kuseri kwa nyumba za anthu, chipewa chili m'maso, kukabwereka mbaula yake yomwe. Alamu, anthu aulemu, anandibwezera pamodzi ndi mawu anga onse a phiri aja, osasiyako ndi limodzi.

Musafulumire kundiseka. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anasowa kwa nthawi yoposa chaka. Ndiye kuti nyengo imene ikutilanda mbaula ndi yomweyonso imathyola chimene tikuthawirako. Tsono muwonjezepo mabanja onse a ku Ndirande, Mbayani, Bangwe ndi Zingwangwa, aliyense ndi hotipuleti yake, onse akutereka nsima nthawi imodzi madzulo.

Nkhani ya madzi ndiyo inandizunguza mutu. Madzi ambiri a mzinda uno amapopedwa ku Walker's Ferry, mu Shire momwemo, n'kukwera chitunda makilomita pafupifupi 40. Chowakankha ndi magetsi. Choncho ndikayatsa hotipuleti ndimakhala ndikulimbirana chakudya ndi pampu imene imandibweretsera madzi ophikira nyemba zomwezo. Mdani wa mpopi wanga ndine ndemwe, ndipo hotipuletiyo ndinachita kuigula ndi ndalama zakatapila.

Mtengo ndinadzala, m'nyengo yake yeniyeni, pakati pa 15 Disembala ndi 15 Epulo. Patsiku lodzala pamakhala mvula, nyimbo ndi ojambula. Mu Okutobala mumatsala awiri, inu ndi mtengo wanu, nonse aludzu. Wanga unkamwa madzi ogula pakiyosiki, ndowa yake payokha, ana akusamba theka. Utayamba kuoneka ngati ulipira ngongoleyo ndi mthunzi, mbuzi ya aneba inadya.

Zinyalala ndiye zandikweza udindo. Ndinaleka kutaya mumtsinje, n'kuyamba kusanja bwinobwino: zowola uku, mapulasitiki uku, mabotolo uku, kudikira galimoto yoti ikatule ku Mzedi. Koma kanjira ka kwathu ngakhale wilibala imadutsa chammbali. Aneba amene amanyamuka ndi thumba usiku, n'kubwerako manja ali m'thumba akuimba mluzu, pakhomo pawo m'poyera. Panga pali matumba osanjidwa mwaluso, ndipo makoswe a m'dera lonse amachitira pomwepo misonkhano yawo. Alandilodi anafika kudzaona, anazungulira kawiri, n'kufunsa mwaulemu kuti, "Achimwene, bizinesi imeneyi lendi yake tikambirana liti?"

Khama silibisika. Pamsonkhano wa kwa amfumu, atafunsa woti atsogolere komiti yosamalira malo m'dera lathu, anthu onse anatembenukira kwa ine, ena akuomba m'manja mopitirira muyeso. Ndinavomera ndi mtima wonse, n'kulonjeza kuti ndikalankhula ndi akuluakulu za galimoto ija.

Kutacha ndinapeza matumba achilendo atatsamira anga. Aneba akuti galimotoyo ikadzabwera, mwachidziwikire idzayambira kwa apampando.