Bemberezi wa mu Ampu

Okonda ampu ya mavavu, ija ya timabotolo tofiira tikatentha, amati mawu ake ndi okoma kuposa a zipangizo zamakono. Chomwe sakuuzani n'chakuti theka la nthawi samvera nyimbo, amatchera khutu kusaka phokoso.

Mkulu wina adaitanitsa yake ku Johannesburg. Kungoyatsa, sipika idayamba "mmmmm". Mayi a kunyumba adati ameneyo ndi bemberezi, nathira mankhwala a udzudzu m'bokosi la sipika. Bemberezi osafa. Mmisiri atafika adazula mawaya onse olowa mu ampu, phokoso lidati zii. Pobwezera umodziumodzi, wolakwa adagwidwa: waya wa dikoda. Ampu idali pa soketi ina, dikoda ndi TV pa ina, ndiye magetsi ankangozungulira m'mawaya a earth. Zonse atazilumikiza pa soketi imodzi, mayi aja adafunsa: "Amisiri, nanga mtembo wake uli kuti?"

Wina, wotsogolera kwaya, sadadandaule n'komwe. Adangomvetsera nati, "Ikuimba G, koma yakweza pang'ono." Makutu ake ndi abwino ndithu: magetsi athu ndi a 50 Hz, pomwe G wa pansi ndi 49. Ku America, komwe ndi 60 Hz, ampu yodwala imang'ung'uza mokwererapo. Koma ikayamba kulira mawu a 100 Hz, kawirikawiri ndiye kuti makapasita osefa magetsi auma ndi ukalamba. Apa mlamu wa wotsogolera kwaya uja, amene adakonzapo tochi kamodzi, adazimitsa ampu, natsegula, napisamo chala. Makapasita amenewa amasunga mavoti oposa 300 ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo amapha. Mlamuyo adapulumuka, koma adalankhula malilime omwe mpingo wake sudawamvepo.

Palinso vavu yomwe imasanduka maikolofoni, makamaka yaing'ono ya kutsogolo monga 12AX7, tizitsulo tam'kati tikayamba kugwedera. Amisiri amaigogoda pang'ono ndi pensulo. Yodwalayo imalira "ngiii" mu sipika. Bambo wina adakana kusintha yake. Akuti apongozi akamatsika mtunda, mapazi awo ankamveka mu sipika asanafike pakhonde.

Koma tsoka lenileni lidagwera bambo amene ankatseka mawu a foni yake ikangokwana 8 koloko usiku, n'kuibisa kuseri kwa ampu. Sankadziwa kuti foni ya netiweki yakale ya 2G, ikatsala pang'ono kuitana, imalowa m'mawaya a ampu: "didididi-didididi". Usiku uliwonse, nthawi yomweyomweyo, pakati pa nyimbo. Iye ankati ndi vavu yatopa, mpaka adagula zatsopano za ku Slovakia.

Tsiku lina phokosolo litayambanso, mayi adapitiriza kusankha nyemba, osadzutsa mutu.

"Bambo, kayankheni. Vavu yanu ija yakusowani."