Wapampando wa zachifundo alibe ya minibasi

M'maofesi a dziko lino muli pepala limodzi lomwe silisowa ngakhale makina osindikizira atatha inki. Limayenda desiki ndi desiki m'manja mwa mesenjala. Pamwamba palembedwa "Chipepeso", pansi pali malo a dzina, ndalama ndi siginecha. Lero ndi maliro a apongozi ake a dalaivala, mawa ukwati wa mwana wa akalaliki, mkuja wina wagonekedwa ku Gulupu. Palibe lamulo lomwe linakhazikitsa pepalali, koma ndi msonkho wokhawo womwe anthu amapereka a MRA asanatumize kalata.

Mnzanuyu, amene amakulemberani pano, ndi katswiri wa pepalalo. Likafika sayamba ndi kuwerenga dzina la malemu. Amayamba waona amene walemba pamwamba. Akatsegulira ndi abwana ndi K20,000, ndiye kuti maliro akwera mtengo ndipo iye amatulukira kuchimbudzi. Akatsegulira ndi alonda ndi K500, amalemba K1,000 ndi zilembo zikuluzikulu n'kumayenda tsiku lonse chifuwa chili patsogolo.

Zinthu zidasintha namondwe wa Freddy atagwa m'Malichi 2023. Nthabwala apa palibe. Matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Chikwawa ndi Nsanje midzi idakokoloka. Omwalira pamodzi ndi osowa adaposa 1,000, ndipo oposa 500,000 adasowa pokhala. Boma lidatsegula kampeni ya Tigwirane Manja, makampani adathamanga ndi ufa, mabulangete ndi zidebe, ndipo ku ofesi kwa mnzanuyu ngakhale anthu omwe amabisa shuga m'dilowa adavula majekete n'kupereka.

Abwana ataona zimenezo mtima udawakoma. Adapita kumsonkhano wa kunyanja, monga amachitira mabwana akafuna kuganiza mozama, ndipo pobwera adalengeza kuti kupereka kwa mwadzidzidzi kwatha. Tsopano pakhala ndondomeko: wantchito aliyense azidulidwa kangachepe pa malipiro mwezi ndi mwezi, ndalamazo zizipita kukathandiza ovutika. "Kupatsa n'kuika," adatero, akuyang'ana kudenga. Pakufunika komiti. Nthawi yosankha wapampando, mnzanuyu anali panja akunong'oneza pafoni wakatapila kuti adikireko mpaka pa 25. Pobwerera m'chipindamo adalandiridwa ndi m'manja.

Munthu ukapatsidwa mpando umafuna uoneke wophunzira, choncho adagula bandulo ya intaneti n'kuyamba kufufuza momwe anzathu amachitira. Adapeza kuti ku Britain boma lidakhazikitsa dongosolo lotere mu 1987, lotchedwa Payroll Giving. Kumeneko chopereka chimadulidwa msonkho usanawerengedwe, moti wantchito amene amalipira msonkho wa 20 pa 100 akalonjeza mapaundi 10, m'thumba mwake mumachoka 8 okha. Awiri enawo ndi omwe akadapita kuboma. Ku America antchito a boma adali ndi thumba lawo, Combined Federal Campaign, lomwe Pulezidenti John F. Kennedy adalikhazikitsa mu 1961, ndipo cholinga china chidali choti anthu asiye kuvutitsidwa ndi opempha osiyanasiyana chaka chonse, apereke kamodzi mwadongosolo. Mnzanuyu atawerenga izi adapukusa mutu, poti naye mapepala oyendayenda adamutopetsa kale.

Koma chomwe chidamudzutsa pampando ndi cha kampani ya General Electric. Mu 1954 kampaniyi idayamba mwambo woti wantchito akapereka ndalama ku koleji yomwe adaphunzira, nayo iziwonjezera ndalama yofanana. Mwambowu udafalikira. A Microsoft adayamba zopereka za antchito mu 1983, pomwe anthu pafupifupi 200 adasonkha madola 17,000, ndipo masiku ano kampaniyo imaika dola pa dola iliyonse yomwe wantchito wapereka, kufikira madola 15,000 pa chaka. Ngakhale wantchito akangopita kukagwira ntchito yongodzipereka, kampani imalipira bungwelo madola 25 pa ola lililonse. Mnzanuyu adawerengetsa kuti akadakhala kumeneko, maola omwe wathera akukumba manda ndi kusenza mapoto a pamaliro akadamanga kale chipatala kwawo.

Adakafotokoza zonsezi pamaso pa abwana. Mbali ya kudula malipiro abwana adaikonda kwambiri, mpaka adailemba m'kabuku. Atafika pa mbali yoti kampani nayo iziponyapo yake, abwana adagwidwa ndi chifuwa, adamwa madzi, kenako adafunsa ngati nthawi ya tiyi siinakwane.

"Achimwene," adatero pambuyo pake, "ife si Microsoft."

"Zoona bwana," adayankha mnzanuyu, "nafenso malipiro athu si a Microsoft." Mawuwa adawanenera mumtima. Pakamwa padatuluka "Zikomo bwana."

Chotchinga choyamba chidachokera kwa mayi a ku akaunti, munthu woopa Mulungu ndi maodita. Iwo adati sangadule ngakhale tambala pa malipiro a munthu popanda mwiniwake kusaina, ndipo aliyense akhale ndi ufulu wokana kapena kusiya pomwe wafunira. Adanena zoona, chifukwa chopereka chokakamiza ndi chindapusa chabe. Mafomu adasindikizidwa, ndipo apa ndi pomwe wapampando adadzionera yekha mapeyisilipi a anzake. Peyisilipi ya Mmalawi ili ngati nkhuku ya pamaliro: ikamafika kwa mwini nyumba yatsala khosi ndi zipalapasiro. A MRA atenga PAYE, penshoni yatenga 5 pa 100 monga lamulo linenera, SACCO yatenga ngongole yake, adivansi ya mwezi watha yabwezedwa, thumba la maliro la pa ofesi latengapo. Pamwamba pa izo, mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100, ndipo chomwe chidatsalacho chidafupika chili m'thumba.

Dalaivala wamkulu, bambo wa imvi zake, adakana kusaina ndipo chifukwa chake chidatseka pakamwa komiti yonse. "Wapampando, ine bungwe lachifundo ndili nalo kale kunyumba. Ana anayi a malemu achimwene ndikuphunzitsa ndine. Mayi kumudzi feteleza ndine. Mlamu akadwala, Mpamba imalira ndi yanga. Kapena mundilembe ineyo pa mndandanda wa olandira." Mnzanuyu adafuna kutsutsa, koma adakumbukira kuti naye foni yake ikalira pa 26 imakhala ya kumudzi. Mabuku a kunja omwe adawerenga aja amaganiza za wantchito amene akusowa koti apereke. Wantchito wa kuno vuto lake n'loti opatsidwa adafola kale pakhomo, ndipo onse amadziwa tsiku lolandira kuposa iye mwini.

Komabe anthu adasaina, ena K1,000, ena K2,000. Mayi wokolopa adalemba K1,500, kuposa wapampando, zomwe zidachititsa kuti wapampando apemphe fomu ina ponena kuti yoyambayo idathimbirira ndi tiyi.

Nkhondo yeniyeni idali ya kokapereka. Aliyense adatulukira kuti sukulu yovutikitsitsa m'Malawi muno ili m'mudzi mwawo. Wa ku Ntcheu adati Ntcheu, wa ku Rumphi adati nthawi zonse kumpoto kumaiwalika, msungichuma adatchula kwaya ya kutchalitchi kwawo yomwe ikusowa yunifolomu. Wina, wozolowera banki m'khonde, adafunsa kuti ndalamazi tidzagawana liti ndipo chiwongoladzanja ndi chingati. Mnzanuyu adayesa kupereka chitsanzo cha Mother's Day Fun Run ya a Nation Publications, yomwe imasankha cholinga chimodzi, uchembere wabwino, n'kugulira zipatala zipangizo zooneka ndi maso. Mfundoyo idamveka, ndipo atakangana mokwanira adagwirizana zogula mabulangete ndi zidebe za wodi ya amayi oyembekezera pa chipatala china chaching'ono, kudera komwe kulibe wachibale wa aliyense wa m'komiti.

Kenako padabwera bajeti ya tsiku lokapereka. Abwana adafuna matishati osindikiza dzina la kampani, chinsalu chokoleka, mafuta a galimoto ziwiri, alawansi ya nkhomaliro, ya mayendedwe a atolankhani, ndi chicheke chachikulu cha katoni chija choti anthu anayi agwirire pojambulitsa. Mayi a ku akaunti ataphatikiza, ulendo wokapereka udaposa choperekacho. Mayi wokolopa uja ndi amene adaimika dzanja. "Pepani abwana, ine sukulu sindinapite patali. Koma K1,500 yangayo ikugula chidebe kapena tishati?"

M'chipinda mudangoti zii. Abwana adayang'ana wapampando kuti awapulumutse, koma wapampando anali kalikiliki kufufuza chinthu pansi pa tebulo. Mapeto ake abwana adalengeza, ngati kuti maganizowo adabwera nawo okha kuchokera kunyanja, kuti za ulendo zonse ilipira kampani, ndalama za antchito zigule katundu yekha, malisiti azikhomedwa pa bolodi mwezi uliwonse, ndipo kampani iziwonjezera theka la zomwe antchito asonkha. Theka si dola pa dola, koma kuyambira tsiku lomwelo mafomu adayamba kutha, ndipo dalaivala wamkulu uja adasaina K500 ponena kuti akufuna aone ndi maso ake kampani ikutulutsa K250.

Katundu adakafika. Pa chithunzi chomwe chidatuluka, abwana ali pakati, chicheke chili pachifuwa, ndipo cha mnzanuyu chikuoneka ndi khutu lamanzere lokha, kumbuyo kwa chidebe. Kunyumba adadula chithunzicho n'kuzunguliza khutulo ndi cholembera kuti alendo asamavutike.

Tishati idatsala naye, ndipo ndi yomwe ikumusautsa tsopano. Kumsana kwake kudalembedwa kuti "Timasamala Anzathu". Loweruka lapitali adaivala popita ku Limbe, ndalama ya minibasi ili yokwanira munthu mmodzi, kupita kokha. Pa siteji ina adakwera gogo wina amene ndalama yake idaperewera. Kondakitala adayang'ana gogoyo, adawerenga kumsana kwa mnzanuyu mokweza kuti basi yonse imve, kenako adatambasula dzanja.

"Biggie, awiri eti?"