Agogo, Mayi Ali pa Ndalamayi Ndani?

Ndinayamba kalekale kugulitsa usipa pano pa Chipoka, ana anga asanayambe n'komwe sukulu, ndipo ndalama ya K200 yadutsa m'manja mwangamu kosawerengeka. Imabwera yonyowa, yonunkha nsomba, ina yong'ambika pakati yoti anachita kumata ndi selotepu. Ine ndimangoipinda kanayi n'kuimangirira pa mfundo ya chitenje. Tsiku lina madzulo ndikuwerengera zimene ndapeza, mdzukulu wanga wa Sitandade 6 anatolapo imodzi, kuiwongola pabondo, n'kuyamba kuiyang'anitsitsa.

"Agogo, mayi ali pa ndalamayi ndani?"

Ndinamuuza kuti awerenge yekha, poti dzina analemba pomwepo. Anawerenga: Rose Chibambo.

"Nanga anachita chiyani kuti awaike pamenepa?"

Ndinayasama, mawu osatuluka. A Chilembwe ndimawadziwa, pa 15 Januwale chaka chilichonse wailesi imakhalira iwo. A Kamuzu ndinawavinirapo ndili mtsikana. Koma za mayi amene ndakhala ndikuyenda nawo m'chiuno kuyambira 2012, pamene ndalamazi zinatuluka, ndinalibe choti ndimuuze mwana. Usiku umenewo tulo tinachedwa. Zatheka bwanji kuti munthu ndizimugwira m'manja tsiku ndi tsiku koma osamudziwa?

M'mawa mwake, ndisanapite kukachingamira ngalawa, ndinadzera kwa aphunzitsi ena opuma amene amakhala chakufupi ndi siteshoni ya sitima. Anandipatsa mpando n'kuyamba kundifotokozera pang'onopang'ono, monga ankachitira ndi ana m'kalasi. Mayi Chibambo anabadwa mu 1928 ku Kafukule, m'boma la Mzimba. Ali ku Zomba mu 1952 anayamba kusonkhanitsa amayi anzawo kuti nawonso akane chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nthawi imene anthu ankati ndale n'za amuna. Mu Malichi 1959 atsamunda atayamba kugwira atsogoleri a chipani cha Congress, mayiwa anali oyembekezera. Anawadikira kuti achire, ndipo patangopita masiku awiri anawatenga pamodzi ndi khandalo kupita nawo ku ndende ya Zomba. Mwanayo anamutcha Gadi, poti maso ake anatsegukira pa magadi a ndende.

Ndinawadula mawu. "Aphunzitsi, khanda la masiku awiri linalakwanji?"

Anangopukusa mutu. Anapitiriza kunena kuti m'boma loyamba la Amalawi mayiwa anakhala wachiwiri kwa nduna, mzimayi woyamba kufika pamenepo, koma pa mkangano wa nduna wa mu 1964 anawachotsa, ndipo anathawira ku Zambia kumene anakhala mpaka 1994. Anamwalira mu Januwale 2016. Anatchulanso mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno, amene anagwidwa limodzi ndi amuna awo a Orton pa 24 Disembala 1981, kuweruzidwa kuti aphedwe, n'kukhala m'ndende mpaka Januwale 1993. Amuna awo anafera momwemo mu 1992.

Masana a tsikulo, malonda atazizira, ndinayala ndalama pathandala pambali pa usipa n'kuyamba kuona nkhope. Pa K20 pali Inkosi M'mbelwa, pa K50 Inkosi Gomani, pa K100 a James Sangala. A Chilembwe ali pawiri, pa K500 ndi pa K2000. A Kamuzu nawonso pawiri, pa K1000 ndi pa K5000. Mzimayi ndi mmodzi yekha. A Chilembwe anafera dziko lino, ndipo palibe amene angawachotsepo. Koma kwawo ku Mbombwe kunalinso akazi awo, mayi Ida, amene ankaphunzitsa amayi kusoka ndi kusamala pakhomo. Nanga bwanji malo achiwiriwo osawapatsa iwo? Kodi m'dziko lonse lino, kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa, mzimayi amene anachita zazikulu anapezeka mmodzi basi?

Funso limeneli ndinabwerera nalo kwa aphunzitsi aja Lamulungu titaweruka kutchalitchi. Iwo anandifunsa ngati ndinafikapo ku Mtakataka. Kangati! Kumaliro, kukaoda chimanga, popita kuchipatala ku Mua. Ndi ulendo wa minibasi wosakwana ola, kudzera pa Ngodzi. Anati chakufupi ndi kumeneko kuli malo otchedwa Mankhamba, kumene kunali likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, zaka mazana angapo zapitazo. Katswiri wina wofukula zakale, a Yusuf Juwayeyi, anakumba pamalopo n'kupeza mikanda, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Ine ndakhala ndikudutsa kumeneko ndi dengu pamiyendo, osadziwa kuti ndikudutsa pakhomo pa mafumu.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti ufumu umenewo unkayendera mwa mzimayi. Kalonga sankasiyira mpando mwana wake. Wolowa ufumu ankachokera m'mimba mwa Nyangu, mayi wa fuko la a Phiri, amene ankakhala mayi ake kapena mlongo wake wa mfumu. Popanda Nyangu panalibe Kalonga. Mkazi wamkulu wa Kalonga ankatchedwa Mwali, wa fuko la a Banda, ndipo za nsembe ndi za mvula zinali m'manja mwake. Kumtunda, ku Msinja kufupi ndi Dzalanyama, kunali Makewana, mayi wa ana onse, amene sankakwatiwa ndipo sankameta tsitsi, poti anthu ankakhulupirira kuti akameta mvula idula. Ankathandizidwa ndi akazi otchedwa Matsano, ndipo chilala chikavuta mafumu amphamvu ankatumiza nthumwi kwa iye kukapempha. Mpaka lero, pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, Loweruka lomaliza la Ogasiti, pali Kalonga Gawa Undi palinso Mama Nyangu.

Ndinasangalala kumva zimenezi, kenaka ndinafunsa chimene mwana aliyense akanafunsa. "Aphunzitsi, Nyangu ameneyo dzina lake anali ndani?"

Anati Nyangu ndi dzina la mpando. Anakhalapo ambiri, wina akafa wina n'kulowa. Chimodzimodzi Mwali, chimodzimodzi Makewana.

"Nanga Kalonga si dzina la mpandonso?"

Anavomera. Koma a Kalonga ena timawatchula mmodzimmodzi: Mazizi amene anatsogolera ulendo, Chidzonzi, Sosola amene anali womaliza. Apwitikizi analemba m'mabuku awo dzina la mfumu Muzura kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600. Amayi amene anabereka mafumuwo tinawaunjika onse m'dzina limodzi, ngati usipa m'ndowa. Kodi pakati pawo panalibe wina wanzeru kuposa anzake, wina wokalipa, wina amene analetsa nkhondo, wina amene anaiyambitsa? Tingadziwe bwanji ngati onse ndi Nyangu?

Aphunzitsi anati amene ankalemba nthawi imeneyo anali amalonda ndi ansembe ochokera ku Tete ndi ku Sena, amuna okhaokha, ndipo ankalemba dzina la munthu amene akambirana naye za minyanga pabwalo. Kuseri kwa nyumba, kumene amayi akuluakulu a mbumba amakhala pamphasa kusankha woti alowe ufumu, alendowo sankafikako. Zimenezi ndinazimvetsa. Koma popita kunyumba ndinaganiza kuti alendo okha sangasenze mlandu wonse. Nkhani za Mazizi ndi Sosola sitinazimve kwa Apwitikizi. Anatisungira ndi makolo athu omwe, pakamwa. Nanga pakamwa pomwepo maina a amayi anatayika bwanji?

Ndinayang'ana pakhomo pathu. Bambo anga dzina lawo lili pa pepala, chifukwa anali ndi chitupa cha msonkho ndipo analembetsa ku Theba popita ku migodi ya ku Joni. Mayi anga mudzi wonse unkawaitana Naphiri, ena n'kumati make uje, kutchula dzina la mchimwene wanga woyamba. Ifeyo ana tinaleredwa kuti kutchula munthu wamkulu dzina lake la ubwana ndi mwano, makamaka mayi woti anavinidwa. Dzina la mayi anga ndinalimva bwinobwino tsiku la maliro awo, mkulu wa mpingo akuwerenga mbiri. La agogo anga aakazi, amene munda umene ndimalimawu unachokera kwa iwo, ndinangowadziwa kuti Agogo. Ife timati mwana ndi wa kuchikazi, munda ndi wa kuchikazi, ufumu ndi wa kuchikazi. Nanga dzina lokha bwanji limatsalira kuchimuna? Kodi n'kutheka kuti ulemu umene timawapatsa amayi ndi womwewo umene ukuwafufuta? Ulemuwo ndimaukonda, ndipo sindingalole mdzukulu wanga kundiitana dzina pagulu. Koma kodi sangandiitane Agogo pakamwa, dzina langa n'kulisunga m'kope?

Mwera ukaleka, nyanja ili bata, ukaima padoko pano umaona mapiri a tsidya lija la ku Cape Maclear. Kumeneko n'kumene mishoni ya Livingstonia inayambira mu 1875, isanasamukire ku Bandawe, ndipo aliyense amene anapitako kusukulu amadziwa dzina la Dokotala Robert Laws. Aphunzitsi anandiuza kuti chakumapeto kwa 1879 kunafikanso dokotala wamkazi wa ku Scotland, Jane Waterston, mmodzi mwa akazi oyambirira kuphunzira udokotala ku London. Anzake aamuna sanamulandire ngati dokotala mnzawo, anamupatsa kalasi ya tiana, ndipo iye sanakondwe ndi mmene amishoni ena ankachitira ndi anthu akuda. Patangopita miyezi yochepa, mu 1880, anachoka. Anakakhazikika ku Cape Town kumene anachiza anthu mpaka imfa yake mu 1932, ndipo kumeneko amamukumbukira ngati dokotala woyamba wamkazi. Ndimayang'ana mapiri aja n'kumadzifunsa kuti amayi angati a m'mbali mwa nyanja ino akanapulumuka pobereka akanamulola kugwira ntchito imene anaphunzira.

Iye bola, dzina lake lilipo. Nanga amene anagwiradi ntchitoyo kuno zaka zonsezo? Ine anandilandira ndi mzamba, m'kanyumba ka udzu, usiku wa mvula, ndi nyali ya koloboyi. Mayi ameneyo analandira pafupifupi mwana aliyense wa msinkhu wanga m'mudzi mwathu. Tinkangoti Azamba. Mu 2007 boma linaletsa azamba kubereketsa, pofuna kuti amayi azikachirira kuchipatala, ndipo ine ndinagwirizana nazo, chifukwa ndinaikapo anzanga amene anataya magazi kumudzi galimoto lisanapezeke. Koma kodi kusiya ntchito yawo kukutanthauza kuti tiiwalenso manja amene anatilandira? Pa zipatala timalembapo maina a nduna zimene zinadzadula riboni. Kodi palibe khoma limodzi loti tilembepo azamba ndi anamwino amene anagwira ntchito m'dera lino?

Mmodzi yekha pa onsewa sindinachite kufunsa aphunzitsi, chifukwa mbiri yake inkafika ndi amalonda anzathu a ku Mtakataka komweko: Inkosi Theresa Kachindamoto. Anagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba zaka 27, mpaka mu 2003 akwawo anawaitana kuti adzalowe ufumu. Atafika anapeza tiatsikana ta zaka 12 ndi 13 tili ndi ana kumsana, amuna awo ali pakhonde. Anaitana mafumu awo aang'ono n'kuwasainitsa pangano loti m'midzi mwawo musapezekenso ukwati wa mwana. Nyakwawa zimene zinapitiriza kuvomereza anaziimitsa pa udindo mpaka zitakathetsa maukwatiwo. Pofika 2016 anali atathetsa maukwati oposa 800 n'kubweza anawo kusukulu, ena kuwalipirira okha fizi. Makolo ena amene anali atadya kale za mkamwini anawaopseza, koma iwo sanabwerere m'mbuyo. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asakwatire kapena kukwatiwa asanakwane zaka 18. Kuno kunyanja, kumene mtsikana amakopeka msanga ndi ndalama ya asodzi, timadziwa kulemera kwa ntchito imeneyo. Mdzukulu wanga ali m'kalasi lero mwina chifukwa cha mphepo imene inachokera ku Mtakataka.

Koma apanso mantha andigwira. Kachindamoto ndi dzina la mpando. Analipo a Kachindamoto iwo asanabwere, adzakhalaponso ena. Zaka 50 zikubwerazi, mwana akadzamva kuti Kachindamoto anathetsa maukwati a ana, kodi adzadziwa kuti anali mayi, dzina lawo Theresa? Kapena nawonso tidzawathira m'ndowa muja muli a Nyangu?

Ndagula kope la masamba 40 pa golosale ya pamsika. Mdzukulu wanga ndiye akulemba, poti dzanja lake ndi labwino. Tsamba loyamba talembapo Rose Chibambo, Vera Chirwa, Ida Chilembwe, Theresa Kachindamoto, aliyense ndi zimene anachita. Tsamba lachiwiri talembapo dzina langa lonse, pansi pake la mayi anga. Mzere wachitatu ndi wa agogo anga, ndipo udakali wopanda kanthu. Ku Ngodzi kwatsala azakhali amodzi okalamba amene anawaona ndi maso, ndiponso ankawadziwa Azamba aja. Loweruka likubwerali sindipita kunyanja, tikwera minibasi ya m'mawa awiriwiri ndi kopelo.

Inu amene agogo anu aakazi adakali moyo, musadikire kukamva dzina lawo pa maliro. Pitani sabata ino, mukagwade, mukapepese kuti mukufunsa zosafunsa, akuuzeni dzina lawo ndi la mayi awo, mulembe.