Zimene Zikukambidwa ku Mangochi za Aphunzitsi a TP

Ku Mangochi mlendo sabisika. Akangotsika minibasi pa boma, anyamata a kabaza amakhala atamuwerenga kale: uyu wabwera kudzapikula nsomba, uyu ndi wa pamaliro, uyu akuchokera ku Joni. Koma pali mtundu wina wa alendo umene amauzindikira ngakhale uli patali. Mnyamata kapena mtsikana wa thupi lanthete, chikwama chachikulu kumsana, matiresi opyapyala omanga ndi linya, ndowa yodzaza timapoto, ndi mpukutu wa matchati m'khwapa. Ameneyo ndi mphunzitsi wa TP, ndipo a kabaza amayamba kumuitana kuti "aphunzitsi" iye asanagwireko choko ngakhale tsiku limodzi.

Awa ndi achinyamata amene akuphunzira ntchito ya uphunzitsi m'makoleji monga Machinga TTC ya kufupi ndi Liwonde ndi Maryam Girls ya konkuno. Kuyambira mu 2017 amakhala matemu awiri ku koleji, matemu awiri m'sukulu za pulayimale kuyeserera ntchito, kumene ndiko amakutcha TP, kenako n'kubwereranso kukamaliza. Kale ankatha chaka chathunthu ali kumudzi. Matemu awiriwo ndi ochepa pa kalendala, koma pa nkhani za pamjigo ndi pa bawo ndi okwanira kudzaza nkhokwe.

Tisaiwale kuti ambiri mwa iwo kwawo n'kutali. Mwana wokulira ku Dedza, ku Thyolo kapena ku Rumphi akamuponya ku Makanjira, ku Katuli kapena ku Malombe, amakhala ngati wadutsa malire opanda pasipoti. Kutentha n'kwina, chiyankhulo n'china, ndiwo n'zina, ndipo m'bandakucha chimene chimamudzutsa ndi azana ya ku mzikiti, osati tambala. Amayi a pamsika akuti mphunzitsi watsopano amadziwika pa benchi ya nsomba. Nsomba iliyonse kwa iye ndi chambo. Utaka akuti ndi ana a chambo, mcheni akuti chambo chachitali, kampango amamuyang'ana kawiri n'kufunsa ngati amadyedwa. Akagula chambo chenichenicho amadya mnofu n'kutaya mutu, zimene kuno anthu amazitenga ngati mlandu. Amayi omwewo ndi amene amawaphunzitsa kupala mamba ndi kusasantha mutu, uku akuwaopseza mwanthabwala kuti wodya mutu wa chambo sabwereranso kwawo. Pomafika mwezi wachitatu, akuti, yemwe uja amakhala akununkhiza mphuno pa nsomba n'kunena kuti iyi ndi ya dzulo.

Nkhani ya nyumba nayo imakambidwa kwambiri. Amagona anayi kapena asanu ndi mmodzi m'nyumba imodzi ya aphunzitsi, mbaula imodzi, ndandanda ya wophika itamatidwa kuseri kwa chitseko. Anansi amadziwa tsiku limene ntchito yophika yagwera mnyamata amene kwawo ankangodikira mbale, chifukwa fungo la nsima yopserera limafika mpaka ku bwalo la mpira. Amadziwanso tsiku limene ufa watha, chifukwa utsi sufuka. Pamenepo mpamene Mangochi amaonetsa mtima wake weniweni. Mayi wa a hedi amatuma mwana ndi mbale yovindikira, kholo lina limabwera ndi usipa pa pepala, wina chinangwa, popanda wofunsa kuti mwadya kodi, poopa kuwachititsa manyazi.

Za alawansi musachite kufunsa. Eni magolosale akuti ali ndi tsamba lapadera m'buku la ngongole, lolembedwa pamwamba kuti TP: sopo, mchere, mafuta a m'kapepala, mayunitsi. Ndalamayo ikachedwa, amadandaula limodzi ndi eni ake, poti nawonso akuidikira. Ikafika, sipafunika wolengeza. Mzere wa malaya osita bwino pa kanyumba ka Airtel Money kapena Mpamba ndiwo umauza tawuni yonse, ndipo wa golosale amatulutsa mpando panja n'kukhala poonekera. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kandalamako sikatha mlungu m'thumba, koma eni masitolo ambiri amene ndacheza nawo amayamikira kuti ana amenewa amabweza.

M'kalasi ndiye muli nthano. Chiyambireni maphunziro aulere a ku pulayimale mu 1994, makalasi aang'ono amasefukira, ndipo si zachilendo kuona Sitandade 1 ya ana oposa 100 pansi pa mtengo wa mango. Ambiri mwa anawo kunyumba amayankhula Chiyao chokhachokha. Mphunzitsi wa TP amalowa ndi lesoni pulani yolembedwa mwaluso, ya mphindi zowerengeka bwino, n'kupeza kuti funso lake loyamba layankhidwa ndi maso okha. Makolo amaseka akamafotokoza momwe kamwana ka zaka 7 kamasandukira womasulira wa madamu, kataima pambali pawo monyadira. Koma amafotokozanso, mosangalala kwambiri, kuti patangopita milungu yochepa madamu omwewo amawapatsa moni wa m'mawa m'Chiyao panjira ya kumjigo, ndipo agogo amene poyamba ankangowayang'ana amayamba kuwatchula ndi "Che" kutsogolo kwa dzina.

Pali nkhani ina imene yazungulira malo ochitira malonda angapo, aliyense akunena kuti inachitika kwawo. Akuti Lolemba lina m'mamawa anthu anaona mphunzitsi wachitsikana akuwerama pakhomo pa malo omwera mowa, akutola zinthu n'kumaponya m'jumbo. Dzuwa lisanafike pamutu, mbiri inali itafika kwa a mfumu kuti madamu atsopano aja amagona ku bala. Lachiwiri ana anabwerera kunyumba akuwerengera samu ndi zitsekerero za mabotolo, ndipo nkhani inafera pomwepo. Ku koleji amawaphunzitsa zimene amazitcha TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalopo, n'chifukwa chake mukawaona akutola zigoba za nkhono pagombe, nthanga za malambe kapena makatoni kuseri kwa sitolo, musawadabwe.

Chimene chimawaswa mtima, ndipo apa kuseka kumayamba kuchepa, ndi mabenchi opanda anthu. Usipa ukagwa, anyamata a Sitandade 6 ndi 7 amachezera pa nyanja ndi nyali za chilimira, m'mawa n'kumasinza kapena osabwera kumene. Ena amamuuza mphunzitsi maso ndi maso kuti achimwene awo a ku Johannesburg sanafike Sitandade 8 koma amanga nyumba ya malata ndipo anatumiza njinga yamoto. Mnyamata wa TP, amene nsapato yake ndi imodzi yomweyo chifikireni, ayankha chiyani? Komabe amayi a m'magulu oyang'anira ana asukulu akuti a TP ndi amene savuta kuwaperekeza khomo ndi khomo kukafunsa za mtsikana amene wasiya kubwera. Miyendo idakali yolimba, ndipo mtima sunatope.

Tsopano tifike pa nkhani imene imakometsa bawo: Loweruka.

Akuluakulu ena amakhulupirira kuti a TP akangoweruka Lachisanu amasanduka anthu ena. Mukafunsitsa kuti amachita chiyani kwenikweni, mndandanda wake ndi wofatsa. Lachisanu madzulo amachapa, ena kunyanja ena pamjigo. Loweruka masana anyamata amadzazana mu vidiyo shoo kuonera mpira wa ku England, kapena kukangana za Bullets ndi Wanderers mpaka mawu kusasa. Atsikana amalukana tsitsi pakhonde, wailesi ya pafoni ikulira. Amene ali pafupi ndi boma amakwera kabaza kukadya tchipisi cha pachiwaya, kujambulitsa pa mlatho wa Bakili Muluzi kapena pa nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria, n'kuyendera pang'ono m'mbali mwa Shire. Kukada, amene amamwa amagawana mabotolo awiri anthu atatu, n'kuvina nyimbo zonse zimene DJ angaike, poti kuvina kokha ndiko sikulipitsa.

Ulendo waukulu, umene amausonkhera ndalama mwezi wathunthu, ndi wa ku Cape Maclear. Minibasi kapena matola mpaka pa mphambano ya kufupi ndi Monkey Bay, kenako njinga yamoto kudutsa m'mapiri a Lake Malawi National Park mpaka kutsikira m'mudzi wa Chembe. Amauzana kuti akupita kukaona malo amene amishoni a Livingstonia anayamba kumangapo mu 1875, kuti akaphunzitse bwino mbiri ya dziko, ndipo manda a amishoniwo amakawaonadi. Koma eni mabwato akuti phunziro la mbiri limatha msanga, lotsatira ndi kusambira ndi malaya omwe, kukuwa bwato likapendekeka pang'ono, ndi kufunsa kasanu ngati muno mulibe ng'ona. Za likodzo amachenjezedwa, za mwera amachenjezedwa, ndipo amene anaonapo mafunde a mwezi wa Juni sachitanso makani.

Ogwira ntchito m'mahotela a m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, kumene kuli Nkopola ndi Makokola, ali ndi yawoyawo. Akuti a TP amafika atatchena, n'kugula botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi, n'kujambulitsa zithunzi zokwanira temu yonse. Zithunzizo zimatuluka pa WhatsApp ndi pa Facebook chimodzichimodzi, mlungu ndi mlungu, mpaka abale a ku Mzimba amayamba kupempha ndalama poganiza kuti mwana wawo amagona m'hotela. Ena mwa anyamatawa amafunsa alonda za Lake of Stars, chikondwerero cha nyimbo chimene chinachitikapo zaka zingapo pa mchenga wa Nkopola iwo adakali ana, ndipo alondawo amafotokoza ngati kuti ndi iwo anaimba.

Vuto la mphunzitsi ndi lakuti alibe kobisala. Pamene nyimbo yafika pokoma, thukuta lili kamukamu, kamwana kogulitsa mazira owiritsa kamatulukira n'kugwada pang'ono: "Sala, mugula?" Lolemba kalasi yonse imakhala ikudziwa kavinidwe ka sala, ndipo pa nthawi ya phala wina amakayeserera kuseri kwa kalasi. M'midzi imene anthu ambiri ndi Asilamu, kumene mowa suonekera poyera, chisangalalo cha usiku chimakhala pa ukwati, pa manganje, pa beni kapena pa sikiri. Kumeneko a TP amakokeredwa m'bwalo, ndipo amayi amaluluta akaona mwana wa ku Ntcheu akulimbana ndi sitepe imene miyendo yake sinaionepo. M'mwezi wa Ramadani amaitanidwa ku futali nyumba ndi nyumba, Mkhristu ndi Msilamu yemwe, mpaka ena amaiwala kuti ali ndi mbaula.

Pali mbali imodzi ya miseche imeneyi imene ine sindiikonda. Mnyamata akaoneka ku dansi, anthu amati ndi unyamata. Mtsikana akaoneka pamalo omwewo, ali ndi anzake, akumwa Fanta, nkhani imafika kwa a hedi ndi ku komiti ya sukulu isanakwane Sande. Akavala buluku Loweruka, ndi nkhani. Akakwezedwa pa njinga yamoto ndi mwamuna, ngakhale ali wa kabaza amene wamulipira, ndi nkhani. Atsikana amenewa ndi amene ana athu aakazi akuwayang'ana kuti aone ngati sukulu imafikitsa munthu penapake. Tikawatopetsa ndi malilime, sadzapempha kubwereranso kuno, ndipo otaya ndife. Munthu amene waima pamaso pa ana 100 kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, pa dzuwa la Okutobala la ku Mangochi, Loweruka lake ndi lomuyenera.

Ku Chembe ndi ku Monkey Bay amakumananso ndi anzawo ochokera kutsidya kwa nyanja zamchere. Achinyamata a Peace Corps anayamba kubwera m'dziko muno mu 1963, ndipo masiku ano kumabweranso ena ochokera m'maiko a ku Ulaya kudzathandiza m'sukulu kwa miyezi yochepa. Dziko la Iceland nalo ladziwika kwa zaka zambiri m'boma lino pomanga midadada ya makalasi ndi zipatala. Anthu a m'mudzi amawayerekeza magulu awiriwa mosabisa. Akuti mzungu akangoti "muli bwanji" mudzi wonse umaomba m'manja, pamene Mtumbuka amene waphunzira Chiyao mwezi umodzi amangouzidwa kuti akuyesera. Akuti mzungu amapsa khungu, wa ku Dedza amatuluka thukuta, onse awiri amaopa mvuu mofanana. Koma akakhala pamchenga usiku, nkhani zawo zimakhala zimodzi: kusowa kwawo, mwana wovuta wa m'kalasi, netiweki yothawathawa, ndi amayi awo amene amaimba foni kufunsa ngati akugona m'neti.

Sande m'mawa makwaya amawalanda. Mipingo ya CCAP, Katolika ndi Anglican ya ku Malindi ndi ku Mpondasi imadziwa kuti mphunzitsi wa TP amatha kulemba, kuwerenga mawu mokweza, ndipo nthawi zambiri ali ndi liwu. Yemwe uja anavina mpaka usiku amapezeka kutsogolo akuimbitsa. Madzulo nyumba ya TP imakhala zii, aliyense ataweramira masikimu ndi malesoni pulani pa kuwala kwa tochi ya foni, chifukwa malekichala a ku koleji amatha kutulukira tsiku lililonse kudzaonerera phunziro ndi kupereka malikisi. Apa a kabaza amagwiranso ntchito ina yosalipidwa. Galimoto ya koleji ikangowoloka mlatho kulowera ku Namwera kapena ku Malindi, foni imafika kusukulu galimotoyo isanafike, ndipo tayi amene anali m'thumba amapezeka pakhosi.

Masiku ano nkhani imene ili m'kamwa ndi ya gulu limene latsala pang'ono kunyamuka. Ena akuti mmodzi wa anyamata aja waonekera kale kwa ankhoswe a mtsikana wa kufupi ndi Koche, ena akuti ayi, amangokagulako mandasi. Wa golosale wina akuonetsa aliyense uthenga wa Mpamba wochokera ku Chitipa, ngongole ya gulu la chaka chatha yabwezedwa yonse patapita miyezi. Makolo akufunsa a hedi ngati n'zotheka kulembera ku boma kuti madamu a Sitandade 2 adzabwerere konkuno akamaliza, ndipo a hedi akuwafotokozera kuti omaliza maphunziro a uphunzitsi amatha kudikira zaka asanalembedwe ntchito. Pakadali pano mkangano waukulu uli pa timu ya netibolo ya atsikana, imene inayamba kupambana chifikireni madamu wamtali wa ku Karonga. Aphunzitsi awiri okhazikika akukankhirana kuti aitenge ndani, ndipo atsikanawo anena kale kuti akufuna nambala ya foni ya madamuyo kuti azimufunsa okha.