Ulemu kwa Agogo Mwala a Kuseri kwa Khitchini

Anthu otchuka tawaika pa ndalama, ena mayina awo ali pa misewu, koma mwala wonolera mipeni tinausiya pamtetete, dzuwa ndi mvula zonse zake. Lero ndiulankhulire.

Agogo Mwala, nduna ya ndiwo ndinu. Mukapanda kugwirapo, mpeni umangofinya tomato, nyama n'kumathawathawa m'mbale. Koma mukangolira kuti kwee kwee, tambala amayamba kutsanzika akazi ake, mlendo pakhonde n'kumeza malovu podziwa kuti lero si la bonongwe. Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma komwe anakanolera kalumoko satchulako. Nsanje basi.

Opikisana nanu ndi ambiri. Ku America, Edward Acheson anapanga carborundum mu 1891, ndipo lero m'mashopu mwadzaza miyala ya m'fakitale ya mbali ziwiri, kwina kokhakhala, kwina kosalala. Ya ku Japan ili ndi manambala, 1000 wonolera, 6000 wosalazira, ndipo ina siigwira ntchito musanainyike m'madzi. Ulemu wake! Eni ake amayezanso kuti mpeni upendekeke madigiri 15 kapena 20. Inu mumangopempha timadzi pang'ono, akasowa ngakhale malovu, ndi dzanja lodziwa kutembenuza mpeni uku ndi uku.

Tupa ndi wadyera, amayenerana ndi chikwanje ndi khasu. Makina a owotcherera zitsulo aja amathothola moto wokoma kuonerera, koma mpeni ukatentha mpaka kuoneka wabuluu ndiye kuti chitsulo chafewa, mawa lomweli wabunthanso. Kandodo kachitsulo komwe ogulitsa nyama amanyadira pamsika kamangowongola popindika, kunola kwenikweni ayi.

Amiseche amati mumadya mipeni, akuti uja amayi analowa nawo m'banja watsala ngati singano. Nanga wantchito asadye? Malipiro simunapemphepo, magetsi akazima simudziwa n'komwe, ndipo wakuba sanakuyang'anenipo kawiri. Inunso pakati panu padyeka mpaka kukumbika, koma kudandaula ayi.

Tsono inu a m'tauni amene mukumaliza simenti ya khonde la eni nyumba ponolerapo mipeni, lekani msanga asanakukwezereni lendi. Mukapita kumudzi, tsikirani kumtsinje mukatole mwala wafulati, wokhakhala pang'ono, muukweze basi mwaulemu.