Sola ya a Phiri ndi Mango a Nabanda

MUULUTSI: Sewero lathu lero likutitengera ku Kawale 2 mumzinda wa Lilongwe. Ndi Loweruka m'mawa, mwezi wa Novembala, mvula ili pafupi. Kuseri kwa nyumba ya a Phiri kwamera kanyumba katsopano, ndipo kuseri kwa mpanda kumakhala mayi wamasiye, Nabanda.

(PHOKOSO: nkhuku zikubalalika. Sowo ikudya nthambi.)

NABANDA: Iii! Ndani ameneyo mumtengo mwanga? Tsika msanga iwe mwana, ndisanakuitanire amako!

PHIRI: Si mwana, aneba. Ndine.

NABANDA: A Phiri? Munthu wa zidzukulu, mkulu wa mpingo wathunthu, mwakwera mango a eni ake ndi sowo m'manja?

PHIRI: Mwadzuka bwanji a Nabanda?

NABANDA: Moni wa mumtengo sindiyankha. Tsikani.

PHIRI: Ndikungosadza kanthambi kamodzi. Kalowa pa poloti yanga, kakundibera dzuwa langa.

NABANDA: Dzuwa lanu? Munaligula sitolo iti ku Malangalanga? Lisiti lilipo?

(PHOKOSO: makwerero akulira. Munthu akutera pansi movutikira.)

PHIRI: Musaseke mayi. Sola yanga yafooka. Ikangokwana seveni koloko madzulo babu limayamba kuphethira, wailesi n'kutsamwa pakati pa nkhani. Ndafufuza bwinobwino, wolakwa ndi mtengo wanuwu.

NABANDA: Mtengo umenewu anaubzala malemu amuna anga inu musanabwere n'komwe ku Kawale. Mango ake mwadya zaka zonsezi osadandaula. Lero poti mwamanga chisakasa chanuchi pansi pake, wasanduka mfiti?

PHIRI: Chisakasa? Samalani pakamwa, mayi. Iyi ndi boyizikota.

NABANDA: Boyizikota ya kaunjika. Chilichonse chinavalidwapo kale ndi nyumba ina.

PHIRI: Ndiye nzeru zaketu zimenezo! Kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, munayamba mwafunsako mtengo wa thumba la simenti? Ine ndinapita kwa akalipentala ku Mchesi kukafunsa chitseko chokha. Mtengo womwe ananditchulira, miyendo inachita kulefuka, ndinatsamira bokosi la maliro lomwe linali pambali. Iwo n'kufunsa ngati ndikufunanso limenelo.

NABANDA: Mukanatenga. Matabwa ake ndi abwino kuposa awa.

PHIRI: Awa ndi mapaleti a ku Kanengo, ndawapaka oilo wakutha kuti chiswe chisayerekeze. Maziko ndi zidutswa za njerwa za mpanda uja unagwa ku tchalitchi. Zibowo za malata ndamata ndi phula. Chitseko…

NABANDA: Chitseko ndachiona. N'cha minibasi.

PHIRI: Cha Hiace, cha ku Biwi Triangle. Chimachita kutsetsereka, sichifuna mahinjesi.

NABANDA: Dzana mayi wina anaima pamenepo ndi dengu la tomato, akudikira kondakitala kuti akwere wa ku Area 23.

PHIRI: Bodza limenelo.

NABANDA: Nanga malata awiri ofiira ali kumapetowo?

PHIRI: Ndinawatola.

NABANDA: Munawatola kuti?

PHIRI: Anagona pansi, opanda mwini.

NABANDA: Anagona pa khola la nkhuku zanga lomwe linasasuka ndi kamvulumvulu mwezi watha.

PHIRI: Kamvulumvuluyo ndi amene anawaolotsa mpanda. Ine ndikanabweza bwanji mphatso ya Mulungu?

NABANDA: Zimenezo tikakambirana kwa amfumu. Panopa ndionetseni solayo.

PHIRI: Inu mungadziwepo chiyani pa nkhani ya magetsi? Izi n'za akatswiri. Ku Nanjoka ku Salima kuli munda wonse wa mapanelo, mamegawati 60, unatsegulidwa mu 2021. Ku Golomoti kuli wina wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire ake. Wotsatira ndi uno wa ku Kawale 2.

NABANDA: Wa mamegawati angati?

PHIRI: Mawati 100. Paliponse pamakhala poyambira. William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu, anapanga magetsi a mphepo ndi zitsulo zotola ndi njinga yakutha ali ndi zaka 14. Mu 2019 anamupangira kanema, dziko lonse linaonera. Nanenso tsiku lina adzandijambula.

NABANDA: Adzakujambulani, koma ozimitsa moto ali pambali. Mnyamata uja anayamba wakawerenga buku ku laibulale. Inu mwawerenga chiyani?

PHIRI: Wogulitsayo anandifotokozera zonse.

NABANDA: Chabwino. Paneloyo mwaiyang'anitsa kuti?

PHIRI: Kumsewu.

NABANDA: Chifukwa?

PHIRI: Kuti anthu aziona. Chinthu chogula ndi ndalama sichibisidwa.

NABANDA: Kumsewuko ndi kummwera, bambo. Kuno kwathu panelo imayang'ana kumpoto, yopendekeka pang'ono chabe kuti mvula izitsuka fumbi. Inu mwachita kuiimika chilili. Mwezi uno mukupulumukirako poti dzuwa likudutsa pamutu, koma dikirani Juni, lidzapendekera kumpoto, panelo yanu idzatsala ikuonerera makabaza.

PHIRI: Dzuwa ndi limodzi dziko lonse lapansi.

NABANDA: Ndipo fumbi lili pamenepo mukhoza kubzalapo mpiru. Munaipukuta liti?

PHIRI: Kodi imapukutidwa?

NABANDA: Ambuye thandizeni. Tsegulani minibasi yanuyo ndione mkati.

(PHOKOSO: chitseko chachitsulo chikutsetsereka, kenaka chikukakamira. Chibakera. Chikutseguka.)

NABANDA: Ili ndi batire la chiyani?

PHIRI: La lole. Lamphamvu kwabasi. Linkadzutsa injini yonyamula matumba a chimanga.

NABANDA: Ntchito yake ndi imeneyo, kudzutsa injini kamphindi kochepa basi, kenaka galimoto n'kulidzazanso likuyenda. Silinapangidwe kuti muzilikama usiku wonse mpaka kuuma. Mukamatero silimaliza chaka. La sola ndi lina, ndipo nalonso la mtovuli safuna kulitsitsa kupitirira theka. Nanga kontirola ili kuti?

PHIRI: Kontirola ndine. Ndikaona kuti ladzaza ndimazula waya.

NABANDA: Mumaona ndi chiyani?

PHIRI: Limayamba kubwata.

NABANDA: Kubwata! Ndiye mwaliika pansi pa bedi, m'chipinda chopanda zenera, momwe mukuti muzigona mphwanu? Batire likamabwata limatulutsa mpweya woyaka. Mnyamatayo akadzangoyatsa machesi, malata anga ofiira adzabwerera okha kwathu.

PHIRI: Mukungofuna kundiopseza. Zonsezi mwazimva kuti, inu mayi wogulitsa mandasi?

NABANDA: Pa denga langa.

PHIRI: Pa denga lanu palibe kanthu. Ndimaliona tsiku lililonse.

NABANDA: Mumaona mbali ya kumsewu. Mapanelo anga awiri ali mbali inayo, kumpoto, kuyambira 2022. Mwaiwala chaka chimene chija? Namondwe wa Ana ataononga Kapichira ku Chikwawa mu Januwale, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panadutsa chaka ndi miyezi makina asanabwerere onse. Inu munkagula makandulo, ine mwana wanga wamkazi uja anaphunzira zamagetsi ku Lilongwe Technical College anandilumikizira sola.

PHIRI: Ndiye… nthawi yonse ija Kawale yense ali mumdima, kwanu kokha kukuwala…

NABANDA: Inu n'kumauza anthu ku chigayo kuti Nabanda analumikiza magetsi mwakuba.

PHIRI: Ine sindinanene kuti mwakuba.

NABANDA: Munati chiyani?

PHIRI: Ndinati mwina ndi zamankhwala.

NABANDA: Mkulu wa mpingo!

PHIRI: Zakale zimenezo, tizisiye. Koma mthunzi wa mangowu musaukane. Umagwa pa kona ya panelo masana onse.

NABANDA: Umenewo sindikana. Mthunzi ngakhale wa pa kona umafoola panelo yonse, chifukwa timagalasi take tinalumikizana mondondozana, kamodzi kakagona tinzake timavutika. Koma mankhwala ake si sowo. Chotsani paneloyo pansi pa mtengo, mukaikhome pa denga la nyumba yaikulu. Chosuntha ndi chimene chabwera mochedwa.

PHIRI: Waya wake ndiye wautali.

NABANDA: Gulani wonenepa, osati ka waya ka sipika aka mwalumikiza ndi mapepala a shuga. Fyuzi ili pati?

PHIRI: Fyuzi imangodula moto pachabe.

NABANDA: Ngakhale Kamkwamba wanuyo anadzipangira chodulira moto ndi misomali ndi maginito. Inu mwamuposa nzeru?

PHIRI: Mayi, mawu achuluka. Ndikuonetsani ndi maso. Apa pali inveta, apa pali simbi yamagetsi. Malaya a ku tchalitchi mawa ndisita ndi dzuwa la Mulungu, osapereka tambala.

NABANDA: A Phiri, tawerengerani kaye. Panelo ya mawati 100, dzuwa lamphamvu maola asanu, mwakolola theka la yuniti imodzi, mwinanso osakwana. Simbi imeneyo imadya mawati 1,000. Theka la ola lokha, dzuwa la tsiku lonse latha. Panelo yanu ndi ya mababu atatu, wailesi ndi mafoni. Ndipo ka inveta aka palembedwa 300.

PHIRI: Manambala amalemba pofuna kuopseza anthu osauka. Taonani!

(PHOKOSO: switchi. Inveta ikulira mosalekeza. Kuthetheka.)

NABANDA: Kukununkha! Waya akusungunuka!

PHIRI: Mayo! Bedi! Madzi, mayi, bweretsani madzi!

NABANDA: Madzi ayi! Zulani waya ku batire! Osati ndi manja, tengani pulayala iyo! Mchenga uli kuti?

PHIRI: Ndi womangira khonde…

NABANDA: Thirani!

(PHOKOSO: fosholo, mchenga ukukhuthuka. Kutsokomola. Tambala akulira.)

PHIRI: (akupuma movutikira) Chazima?

NABANDA: Chazima. Ndevu zanu zapsa mbali imodzi.

PHIRI: Paja akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire.

NABANDA: Ananena za mnzako, osati wakuba malata. Khalani pansi apo, ndikuuzeni zomwe ndinadzera, chifukwa za mango zangondipeza panjira. Denga lanuli mwalitsetsereketsa kuloza kwanga. Mvula ikangoyamba madzi onse azikhuthukira pa khoma la chimbudzi changa, ndipo khomalo ndi la zidina. Kuno ku Kawale madzi sitisewera nawo, munaona nokha mu Disembala 2017 momwe anachitira ndi nyumba za anthu kuno ndi ku Biwi.

PHIRI: Madzi ndi a Mulungu.

NABANDA: Dzuwa ndi lanu, malata ndi mphatso, madzi okha ndiye a Mulungu? Pulani ya chinyumba chimenechi munapita nayo kukhonsolo?

PHIRI: Aaa, aneba, nkhani zakukhonsolo zabweranso bwanji? Ndi kashedi chabe aka.

NABANDA: Posachedwapa inali boyizikota.

PHIRI: Yatsika udindo ndi motowu.

NABANDA: Ndiye mvetserani. Lolemba mupite kwa okhoma zidebe akupindireni ngalande ya lata, muikhome m'mphepete mwa dengali, madzi azigwera mu mgolo.

PHIRI: Mgolo ndiupeza kuti?

NABANDA: Ndili nawo. Ukhala mbali yanga, madzi ndizichapira ine. Bilu ya madzi yandikwana.

PHIRI: Denga langa, madzi anu?

NABANDA: Malata awiri mwa asanu ndi anga, musaiwale. Chachiwiri, batire lituluke pansi pa bedi, likhale m'bokosi lake lopita mphepo. Mwana wanga abwera mawa tikaweruka ku tchalitchi, adzakulemberani zogula: kontirola, fyuzi, waya. Ndipo mukagule m'sitolo yopereka lisiti, osati kwa aja amayala mapanelo pansi n'kulembapo okha mawati ndi cholembera.

PHIRI: Adzandilipiritsa zingati mwanayo? Pajatu ndinamunyamulapo ali wakhanda.

NABANDA: Munamunyamula kamodzi, n'kumubweza atakukodzerani. Adzakuuzani yekha mtengo.

PHIRI: Nanga malaya anga a mawa?

NABANDA: Simbi yamakala ndikubwerekani. Makala mugule anu.

PHIRI: Zikomo aneba. Komanso… foni yangayi yatsala pang'ono kuzima, ndipo mayunitsi m'nyumba anatha Lachinayi. Mungandiikireko pa sola yanu?

NABANDA: Pa zamankhwala zija?

PHIRI: Mulungu amakhululuka, mayi.

NABANDA: Iye amakhululuka ulere. Ine ndimalipiritsa, mtengo womwe amapereka anyamata a kabaza.

PHIRI: Ngongole?

NABANDA: Siyani sowoyo ngati chikole.

PHIRI: Sowoyo ndi yobwereka.

NABANDA: Kwa yani?

PHIRI: Kwa malemu amuna anu.

NABANDA: A Phiri! Zaka zisanu ndi ziwiri ndikuifunafuna sowo imeneyi!

PHIRI: Ndinkadikira kuti abwere okha adzaitenge…

(PHOKOSO: tsache likumenya lata. Mapazi akuthawa. Chitseko cha minibasi chikutsekeka mwamphamvu, kenaka chikugwa.)

MUULUTSI: Pepani omvera, nthawi yatithera. Mlandu wa malata awiri ofiira, womwe tsopano waonjezekera sowo, ukalowa kwa amfumu Lachitatu masana, ndipo a Phiri auzidwa kuti akabwere ndi nkhuku. Mudzakhale nafenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.